Mafunso a Owerenga: Kuzukuta Nkhani Zokopa pa Mayeso a Chingerezi

FUNSO

Zikomo aphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma patha zaka 9 ndikukhala mumzinda wa Melbourne ku Australia, kumene ndimagwira ntchito ya unamwino. Mwana wanga wamkazi ali mu Year 12, kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo kumapeto kwa Okutobala alemba mayeso a VCE. Chingerezi amachiyankhula bwino kundiposa, koma pa gawo lozukuta nkhani zokopa anthu sadutsa malikisi 6 pa 10. Mphunzitsi wake amangobwereza ndemanga imodzi m'mphepete mwa pepala, yakuti mwanayu akutchula maluso a wolemba koma sakuwafotokoza. Ine ndawerenga zimene amalemba ndipo sindikuona polakwika, chifukwa chilichonse chimene wachitchula chilimodi m'nkhaniyo. Pa MSCE zoterezi sitinaphunzire. Kodi vuto lili pati, nanga ine ndingamuthandize bwanji?

Mayi wa ana awiri, Melbourne

YANKHO

Mayi, mundilole ndiyambe ndafotokozera owerenga anzathu amene mayesowa sakuwadziwa. VCE ndi satifiketi imene ophunzira a m'chigawo cha Victoria amalandira pomaliza sekondale, ndipo mayeso ake amayendetsedwa ndi bungwe la Victorian Curriculum and Assessment Authority, limene anthu amangolitchula kuti VCAA. Pepala la Chingerezi lili ndi magawo atatu a malikisi ofanana, ndipo wophunzira amapatsidwa mphindi 15 zowerenga ndi maola 3 olemba. Gawo lachitatu, lotchedwa Section C, ndi limene likusautsa mwana wanu. Pa gawo limeneli wophunzira amapatsidwa nkhani imene sanaionepo, monga ndemanga ya m'nyuzipepala, kalata yopita kwa mkonzi kapena mawu oyankhulidwa pamsonkhano, kawirikawiri pamodzi ndi chithunzi, ndipo amafunsidwa kuti afotokoze mmene wolembayo wagwiritsira ntchito mfundo, mawu ndi zithunzi pofuna kukokera owerenga ku mbali yake.

Ndemanga ya mphunzitsiyo ndi yoona, ngakhale kuti ndi yaifupi kwambiri moti siingathandize mwana. Chimangirizo cha mwana wanu sindinachione, koma ndikhoza kulosera mmene chimayendera. Chimanena kuti wolemba wagwiritsa ntchito funso la chodziwadziwa kuti owerenga aganize, wagwiritsa ntchito ziwerengero kuti owerenga akhulupirire, ndiponso wagwiritsa ntchito mawu okhudza mtima kuti owerenga akhudzidwe. Inu mwanena zoona kuti mulibe bodza m'ziganizo zimenezi. Vuto lake ndi lakuti mutha kuzidula ndi sizasi, n'kuzimata pansi pa nkhani ina iliyonse, kaya ya misonkho, kaya ya agalu oyenda m'misewu, ndipo zikwanira bwinobwino. Wochonga mayeso akaona chiganizo chokwanira paliponse amadziwa kuti mwanayo wachita kubwera nacho kuchokera kunyumba, sanachipeze m'nkhani imene ili patsogolo pake.

Luso limene likufunika pano inu mayi muli nalo kale, kungoti simunaliphunzire m'kalasi. Pamene munakulira ku Ntcheu muyenera kuti munaonapo nkhoswe ikuyankhula pa mlandu wa banja. Mutabwerera kunyumba, wina n'kukufunsani kuti zinayenda bwanji, simunganene kuti malume anatchula miyambi itatu ndi mafunso awiri. Munganene kuti malume anayamba ndi kuvomereza kuti mphwawo analakwa, n'cholinga choti akuchimuna mtima ukhale pansi; kuti ataona kuti afewa anawakumbutsa za ana; ndiponso kuti mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga anausungira kumapeto, pa nthawi imene aliyense woukana akanaoneka ngati ndiye wofuna kupasula banja. Munthu wofotokoza chonchi wanena chimene malume amafuna, wanena anthu amene amawayankhula, wanena dongosolo limene anatsata, ndipo mwambiwo wautchula pamalo pake ndi ntchito yake. Kumeneko ndiye kuzukuta kumene ochonga amafuna. Mwana wanu pakadali pano akungowerenga miyambi.

Choncho asanalembe chilichonse ayenera kukhala atayankha mafunso atatu. Loyamba, kodi wolembayu akufuna kuti owerenga avomereze chiyani, ndipo achite chiyani akamaliza kuwerenga? Aphunzitsi a kumeneko chimenechi amachitcha contention, ndipo mwana akalephera kuchinena m'chiganizo chimodzi cha mawu akeake ndiye kuti nkhaniyo sanaimvetse. Lachiwiri, kodi akuyankhula kwa yani? Kungoti kwa anthu onse si yankho, chifukwa wolemba aliyense amakhala ndi gulu limene akuliganizira, kaya makolo, kaya eni mashopu, kaya okhometsa misonkho, ndipo gulu lililonse lili ndi mantha ake ndi zokonda zake. Lachitatu, kodi wadzera njira iti? Wayamba ndi chiyani, watsatiza chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani mfundo inayake waisungira kumapeto? Maluso a mawu amabwera pambuyo pa mafunso amenewa, monga umboni wa zimene mwanayo waona kale.

Tiyeni tione chitsanzo. Kuyambira teremu yoyamba ya 2020 masukulu a boma ku Victoria analetsa ophunzira kugwiritsa ntchito mafoni nthawi ya sukulu, potsatira zimene nduna ya maphunziro ya nthawiyo, a James Merlino, analengeza mu 2019. Tingoyerekeza kuti mphunzitsi wamkulu wina akulembera makolo pofuna kuti alandire lamuloli, ndipo mwa zina akunena kuti ana athu akudya nkhomaliro maso ali pafoni, kenaka n'kufunsa kuti ndani mwa ife angakonde kuti mwana wake amalize sukulu asakudziwa dzina la mnzake wokhala naye desiki limodzi. Mawuwa ndapeka ndekha, koma ndi a mtundu umene umapezeka pa mayeso. Wophunzira wa malikisi 5 alemba kuti pano pali funso la chodziwadziwa ndi mawu ophatikiza onse monga akuti athu ndi ife, ndipo apita kwina. Wophunzira wa malikisi 9 ayamba ndi kukumbukira kuti makolo ambiri anagula okha mafoniwo, ndipo amawafuna kuti azidziwa kumene mwana ali. Akatero aona kuti wolembayo sakuyamba ndi lamulo, popeza lamulo likanaputa mkangano, koma akuyamba ndi nkhawa ina imene ikhoza kuposa ya chitetezo ija, nkhawa ya mwana wopanda mnzake. Aona kuti mawu akuti ana athu akumutsitsa mphunzitsi wamkuluyo pampando wa bwana n'kumukhazika pakati pa makolo ngati kholo linzawo, moti lamulo likamadzatchulidwa lizimveka ngati chogwirizana cha m'banja osati chikalata chochokera ku ofesi. Aonanso kuti funsolo lalukidwa mwa njira yoti kholo lotsutsa lamuloli lizidzimva ngati likuvomereza kuti mwana wake akule yekhayekha. Onani kuti dzina la lusolo silinali lofunika kwenikweni. Chofunika chinali kunena mawu enieni, munthu weniweni amene akuwamva, ndi mbali imene mawuwo akumukankhira.

Chitsanzo chachiwiri ndi chenicheni, ndipo mwana wanu ayenera kuti anachimvapo kusukulu. Pa 13 Febuluwale 2008, nduna yaikulu ya Australia, a Kevin Rudd, anaima m'nyumba ya malamulo ku Canberra n'kupepesa kwa anthu a mitundu ya Aboriginal ndi Torres Strait Islander, makamaka amene analandidwa kwa makolo awo ali ana, otchedwa Stolen Generations. M'chigawo chimodzi cha mawu awo anabwereza katatu mawu akuti "we say sorry", ndipo pakati pake anatchula amayi ndi abambo, abale ndi alongo. Kunena kuti a Rudd anagwiritsa ntchito chibwereza pofuna kutsindika ndi zoona, koma ndi zopanda mchere. Wophunzira wodziwa mbiri amakumbukira kuti lipoti la Bringing Them Home la 1997, lofufuza za ana olandidwawo, linalimbikitsa kuti boma lipepese, ndipo nduna yaikulu ya nthawiyo, a John Howard, anakana kutero mpaka pamene anachoka pampando mu 2007. Ndiye kuti liwu lakuti sorry ndi limene anthu anadikira zaka zoposa khumi osalimva. Kulibwereza kunali kuonetsa kuti silinathawe mwangozi mkamwa, ndipo kusankha liwu wamba limene mwana amanena kwa mayi ake, m'malo mwa mawu ozungulira a maloya, kunali kutseka mpata woti wina adzanene kuti boma linangodandaula osapepesa. Kutchula amayi ndi abambo kunali kufikira Mwaustralia amene analibe nazo ntchito za ndale, koma ali ndi mwana kunyumba. Zonsezi sizingaoneke kwa munthu amene sakudziwa amene akuyankhula, nthawi yake ndi omvera ake. N'chifukwa chake pa pepala la mayeso pamakhala kandime kofotokoza chiyambi cha nkhaniyo, kamene ana ambiri amakadumpha pothamangira nkhani yaikulu. Muuzeni mwana wanu kuti kandime kameneko azikawerenga kawiri.

Pa za mbali yanu, simufunika kukhala katswiri wa Chingerezi. Tengani tsamba la makalata opita kwa mkonzi m'nyuzipepala ya The Age kapena Herald Sun, musankhe kalata imodzi yaifupi, ndipo mwanayo akufotokozereni pakamwa, ngakhale m'Chichewa ngati amachimva, chimene wolembayo akufuna ndi amene akumunyengerera. Akangoti apa pali kukokomeza, inu mufunse kuti ndiye kuti chiyani. Akayankha kuti wowerenga achita mantha, mufunsenso kuti wowerenga wake uti, akuopa chiyani, nanga manthawo akumuthandiza bwanji wolembayo pa mfundo yotsatira. Mafunso amenewa amatopetsa, ndipo mwina adzakukwiyirani sabata yoyamba, koma mayankho amene adzatuluke pa funso lachiwiri ndi lachitatu ndi ziganizo zimene zikusowa m'chimangirizo chake. Mapepala a mayeso a zaka zapitazo pamodzi ndi malipoti a ochonga amapezeka kwaulere pa tsamba la intaneti la VCAA, ndipo m'malipotimo mumakhala zitsanzo za mayankho a ophunzira amene anachita bwino.

FUNSO

Aphunzitsi, ine ndine mnyamata wa zaka 17, ndinabadwira ku Lilongwe ndipo ndikuphunzira ku Dandenong, dera la mumzinda wa Melbourne. Mafunso anga ndi atatu. Kodi ndime zanga ndizizigawa bwanji, popeza anzanga ena amalemba ndime imodzi pa luso lililonse? Chithunzi ndizichiika pati? Ndiponso m'kalasi tinapatsidwa nkhani yoyamikira lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala pa masamba a mchezo, ndipo ine sindigwirizana nalo ngakhale pang'ono. Kodi ndikhoza kunena kuti wolembayo akulakwitsa?

Wophunzira wa Year 12, Dandenong

YANKHO

Mwana wanga, ndiyamba ndi funso lako lomaliza chifukwa ndi limene lingakudyere malikisi ambiri. Ayi, usanene kuti wolembayo akulakwitsa, ndipo usanenenso kuti akulondola. Lamulo ukunenali linavomerezedwa ndi nyumba ya malamulo ya Australia mu Novembala 2024, ndipo ndikumvetsa kuti munthu wa msinkhu wako ali ndi zambiri zonena pa nkhaniyi. Koma pa gawo lino sunaitanidwe kuti udzaweruze mlandu; waitanidwa kuti udzafotokoze mmene wina akuukambira. Maganizo ako uwasungire ntchito ina ya m'kalasi ija, imene umaima pamaso pa anzako n'kuyankhula mbali imene wasankha. Ndikuuzenso kuti kusagwirizana ndi wolemba ndi mwayi, chifukwa munthu amene sanakopeke amaona msanga pamene akukokedwa. Ukaona kuti wolembayo wabisa mbali ina ya nkhani, kapena akuonetsa achinyamata onse ngati anthu osatha kudziteteza, usakalipe. Lemba kuti wasankha kuwaonetsa chotero kuti makolo amve kuti udindo wonse uli pa iwo ndi pa boma, ndipo woti angatsutse aoneke ngati wosasamala za ana. Ukatero waulula msamphawo popanda kulowa m'mkangano.

Za ndime, njira ya anzako ija usaitsate. Ukalemba ndime imodzi ya mafunso a chodziwadziwa, ina ya ziwerengero, ina ya zifanifani, ndiye kuti waphwasula nyumba n'kuunjika njerwa payokha, zitseko pazokha ndi malata paokha, ndipo palibe amene angadziwenso mmene nyumbayo inaimira. Tsatira mmene wolembayo wayendera. Nkhani zambiri za pa mayeso zimagawika mosavuta m'zigawo zitatu kapena zinayi, ndipo malire ake umawaona pamene mfundo yasintha kapena pamene kamvekedwe ka mawu kasintha. Wolemba akhoza kuyamba modekha ngati bwenzi, kenaka n'kupsa mtima pofika pa omutsutsa, n'kumaliza mopempha. Kusintha kumeneku sikuchitika mwangozi, ndipo wophunzira amene wakuona n'kunena chifukwa chake amakhala atasiyana kale ndi gulu. Ndime iliyonse iyambe ndi mfundo imene wolembayo akukankha pamalopo, m'mawu ako, kenaka ubweretse mawu ake awiri kapena atatu monga umboni. Usakopere chiganizo chonse. Liwu limodzi losankhidwa bwino, ukalifukula mpaka pansi, limalemera kuposa mizere itatu yongokopera.

Mawu oyamba akhale aafupi. Ziganizo zinayi kapena zisanu zikwanira kunena nkhani imene yavuta, wolemba ndi udindo wake, kumene nkhaniyo yatuluka, anthu amene akuwalembera, chimene akufuna ndi kamvekedwe ka mawu ake. Mathero akhale aafupi koposa, ndipo nthawi ikakuthera ndi bwino kumaliza bwino ndime yomaliza ya thunthu kusiyana ndi kuisiya panjira pothamangira mathero. Samalanso ndi aneni amene umagwiritsa ntchito. Iwe sukudziwa ngati owerenga anakopekadi, choncho usalembe kuti mawuwa akuchititsa owerenga kukwiya. Lemba kuti wolembayo akufuna kudzutsa mkwiyo, kapena kuti akuyesa kuika owerenga pamalo oti akwiye. Ndiponso usamangoti wolemba akunena. Kodi akuchenjeza, akunyoza, akuvomereza monyinyirika, akudandaula kapena akulamula? Mneni woyenera amagwira theka la ntchito yozukuta.

Mwina mphunzitsi wako anakutchulirani mawu atatu a Chigiriki ochokera kwa Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale, akuti ethos, pathos ndi logos, otanthauza kukopa podzera m'kudalirika kwa woyankhula, m'mtima wa womvera ndi m'nzeru za mfundo. Ndi othandiza poganiza, koma paokha sabweretsa malikisi. Ndaonapo ophunzira akuwamwaza m'chimangirizo ngati mchere wa m'ndiwo, poganiza kuti wochonga achita nawo chidwi. Kulemba kuti apa pali pathos sikusiyana ndi kulemba kuti apa pali mawu okhudza mtima, kumene ndawadandaulira mayi a ku Melbourne pamwambapa.

Chithunzi usachisiye kumapeto ngati mlendo wobwera nsima itatha. Dzifunse kuti chikuthandiza mfundo iti, ndipo uchikambe m'ndime ya mfundo imeneyo. Uchizukute monga uzukutira mawu: chimene chaikidwa kutsogolo ndi chimene chakankhidwira kumbuyo, chachikulu ndi chaching'ono, nkhope za anthu, kumene akuyang'ana, ndi mawu olembedwa pansi pake. Ngati pajambulidwa mwana wamng'ono atakhala yekha mumdima, kuwala kwa foni kokha kukumuwalira kumaso, usangoti chithunzichi chikuonetsa kuipa kwa foni. Nena kuti mdimawo ndi kusowa kwa munthu wamkulu pafupi zikufuna kuti kholo loona lidzimve kuti lasiya mwana pangozi, ndipo ulumikize zimenezo ndi mawu a m'nkhani amene akunena zofanana. Nthawi zina chithunzi chimatsutsana ndi nkhani kapena chimaseka mbali ina, choncho usafulumire kuganiza kuti chikuvomereza. Pakakhala nkhani yachiwiri yoyankha yoyamba, monga kalata yaifupi ya wowerenga, uipatse malo olingana ndi kukula kwake, ndipo uonetse pamene ikugwira mawu a yoyambayo n'kuwatembenuza.

Za nthawi, popeza magawo atatu aja ali ndi malikisi ofanana, gawo lililonse ulipatse pafupifupi ola limodzi. M'mphindi 15 zowerenga suloledwa kulemba, ndipo ine ndimalangiza kuti zambiri mwa mphindi zimenezi uzithere pa Section C, chifukwa ndi nkhani yokhayo imene sunakonzekere kunyumba. Uwerenge koyamba kuti umve chimene wolemba akufuna, ndipo kachiwiri kuti upeze malire a zigawo zake. Dikishonale yosindikizidwa imaloledwa m'chipinda cha mayeso a Chingerezi, choncho usaiiwale, koma uitsegule pa liwu limene likutsekereza tanthauzo la mfundo, osati pa liwu lililonse lachilendo.

FUNSO

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina m'boma la Zomba. Mlongo wanga amene ali ku Australia anandiuza za gawo limeneli la mayeso a ana ake. Kuno pa MSCE tilibe funso lotere. Kodi n'koyenera kuti ndiwonongerepo nthawi ya ana anga a Fomu 3 ndi Fomu 4?

Mphunzitsi, Zomba

YANKHO

Aphunzitsi anzanga, silabasi ndi yaitali ndipo sindingakuuzeni kuti musiye zimene MANEB idzafunse. Komabe phunziro limodzi pa masabata awiri aliwonse silingakhale lotayika, chifukwa mwana amene waona mmene wolemba wina wasanjira mfundo zake amalemba bwino chimangirizo cha mtsutso, ndipo amapeza msanga mfundo zikuluzikulu pofupikitsa nkhani. Zipangizo muli nazo kale. Ndemanga ya mkonzi m'nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times ndi yaifupi moti itha kulembedwa pabolodi, ndipo malonda a pawailesi ana amawaloweza okha popanda kuwatuma. Mukasankha mawu a andale, tengani a mbali ziwiri zotsutsana pa tsiku limodzi, kuti kalasi lisasanduke msonkhano wa chipani ndiponso kuti makolo asakuganizireni zina. Yambani ndi malonda amene ana onse amawadziwa, muwazukute pakamwa m'Chichewa kwa mphindi khumi, kenaka aliyense alembe ndime imodzi yokha m'Chingerezi yonena amene akunyengereredwa, chimene akuopa kapena kulakalaka, ndi liwu limene lasankhidwa kuti limugwire.